Khala la a Nehemiya

A Nehemiya ankaphikira kuseri kwa nyumba yawo ku Makwasha, komboni ya pamgodi m'dziko la eni, ndipo akamaliza ankakwirira khala limodzi m'phulusa. Chizolowezichi chinayamba mgodi ukadali wotsegula, pamene Amalawi anzawo a m'komboni ankabwera m'mawa ndi phale kudzapala moto, n'kuchezako pang'ono. Tsopano ena anagona kumanda, ena anatsatira ana awo ku Joni.

Loweruka lina kunabwera mdzukulu wawo Runyararo, amene anali atangophunzira za moto kumsasa wa ana a kutchalitchi. Anawaonetsa zonse monyadira, Chichewa chake chikuterereka n'kugwera m'Chishona: kulambula udzu pozungulira, kuika miyala, kuyamba ndi timitengo touma, nkhuni zikuluzikulu pambuyo, ndowa ya madzi pafupi. A Nehemiya ankangogwedeza mutu. Panali patapita nthawi asanaothe moto ndi munthu.

Ataotcha mbatata n'kudya, mwana uja ananyamula ndowa n'kukhuthulira madzi pamoto. Anatakasa phulusa ndi mtengo, n'kuthiranso mpaka utsi unaleka.

"Sekuru, moto sausiya wamoyo," anatero. "Ungatenthe nyumba."

"Nanga wina akabwera kudzapala?" anafunsa agogo ake.

"Ndani, sekuru?"

A Nehemiya anayang'ana kumpanda, kenako kunjira. Anafunafuna dzina m'mutu mwawo, koma silinapezeke.

"Wachita bwino, mwana wanga."

M'mawa mwake, mwana atapita, a Nehemiya anatenga machesi n'kukoleza moto wongokwanira tiyi wa munthu mmodzi. Atamwa, anauthira madzi.