Mono wa a Useni

Munthu woleredwa bwino saonjola mono wa mnzake, ngakhale mpasa zitadzaza mpaka kukamwa. Lamulo limeneli analiphwanya ndi Lazaro pa mtsinje wa Bua, iye amene ankaliza belu ndi kutsogolera mapemphero a m'mawa pa tchalitchi cha mishoni. Anatenga nsomba m'mono wa a Useni, Msilamu wokalamba woyandikana naye, nathyola nsungwi zake kuti anthu ayese ndi katumbu.

Masana a Useni anabwera ndi mono wothyokawo kuti Lazaro awathandize kuluka.

"Akazi anga akuti ndi munthu," anatero. "Ine ndati iyayi, kumtunda kwangaku amatchera ndi a Lazaro, munthu wa Mulungu. Katumbuyu ndiye kafiri, sapemphera!"

Anaseka okha. Lazaro anaulandira monowo nauluka.

Kuyambira tsikulo pemphero linamuuma pakamwa. Ankagwada monga kale, koma akafika pa mawu opempha chakudya chalero ankangomva fungo la mpasa, ndipo Mulungu anakhala kutali ngati tsidya la nyanja.

Lamulungu, wansembe wachizungu ataitanira anthu ku Mgonero, Lazaro anaimirira, koma kuguwa sanapiteko. Anatembenukira mpingo.

"Abale, katumbu amene anadya nsomba za a Useni ndine. Ndinaba, ndinanamizira nyama, ndipo ndakhala ndikukutsogolerani ndi manja onunkha. Wina akawaitane a Useni, kuti ndibwereze mawuwa iwo akumva."