Mabokosi a Masamba a Dokotala Harcombe

Clotilda anagwira bokosi mbali ina, mwana wake Vivian mbali inayo, ndipo panalibe wofuna kusiya.

"Amayi, skip yotayamo zinyalala ikubwera Friday. Tiyambe lero."

"Bambo ako tawaika Lolemba lomweli. Dothi silinakhazikike n'komwe."

Malemuwo, Dokotala Wilfred Harcombe, anali Mngelezi. Anachiza anthu zaka makumi atatu pachipatala cha mishoni ku Ntchisi, komwe anakwatira Clotilda, namwino wa m'wodi ya ana. Akaweruka ankalowa m'tchire kukathyola zomera, n'kuzipanikiza m'manyuzipepala mpaka ziume. Mabokosi khumi ndi awiri a zomerazo anawoloka nawo nyanja kudzafika ku Coolock, komwe banjali linakhazikika.

Tsopano kampani ya Vivian inali itatsekedwa, monga ambiri chaka chimenecho, ndipo iye ankapita ku Australia. Mayi ake ankasamukira m'kachipinda kamodzi ku Ongar, dera lina la mzinda womwewo. Ayunivesite, atapemphedwa kusunga mabokosiwo, anayankha mwaulemu kuti alibe malo.

"Mukagona pati, pamwamba pa mabokosi? Ndi udzu wouma uwu, Amayi."

"Nafenso ndife udzu, mwanawe. Koma Ambuye amatidziwa mayina."

Vivian anakoka, pansi pa bokosi panang'ambika, mapepala n'kumwazikira pakapeti. Fungo lake linamufika Clotilda pamtima: Ntchisi mu Okutobala, mvula isanagwe. Anakhala pansi.

Vivian anagwada kuti atole. Pa pepala lililonse, pansi pa dzina lachilatini la chomeracho, bambo ake ankalembanso m'Chichewa chawo chokhotakhota chija. Anayamba kuwerenga mokweza, mwachibwibwi.

"Chisoso. Anandionetsa mayi a Dominiko, bedi 4. Mwana anachira." Anatenga lina. "Mpungabwi. Anandiphunzitsa a Tarsizio, alonda. Anandiseka katchulidwe."

"Ankawaseka tsiku lililonse," anatero Clotilda, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Pepala lachitatu linali ndi kaduwa kofiirira, kothyoledwa mofulumira, kopanda muzu. Dzina lachilatini panalibe. Vivian anaona deti, tsiku lomwe iye anabadwa, mawu ake n'kutsika.

"Pakhomo pa matenite. Sindinafunse dzina lake. Ndimathamangira kukaona mwana wanga wamkazi."

Panja basi inadutsa. Vivian anatembenukira kwa mayi ake, pepalalo likadali m'manja.

"Mabokosi angati angakwane pansi pa bedi ku Ongar?"

"Anayi. Mwina asanu."

"Otsalawo ndipita nawo pa shipping. Koma muzindiwerengera pafoni, Chichewa cha adadi chandivuta."

Anasonkhanitsa mapepala aja, n'kuyamba kuwayala limodzilimodzi, tsamba lililonse chagada, dzina lili pamwamba.