Kuchoka ku Lumbadzi Kukafika ku Muscat

"Tiyese, ndati bweza passport yanga! Ndikuswa ine!"

Vaileti anakuwa mpaka azimayi a pampopi wa mu line yawo ku Area 25 anasiya zochapa n'kutchera khutu. Chikwama chinali pakhomo kale, taxi ya ku airport ikubwera two koloko. Koma mng'ono wake Tiyese passport ija anali ataisomeka m'kati mwa bulawuzi, msana atatsamira kabati, foni ili kumanja, battery 9 percent.

Mayi awo anatulukira kuseri, manja ali thovu lokhalokha.

"Ana inu mwapenga? Mkulu wako wapeza ntchito kunja, iwe nsanje?"

"Si nsanje amayi. Anti Jacqueline a kutchalitchi aja, opezera anthu ntchito za m'nyumba ku Oman, anakuuzani kuti n'kutali bwanji?"

"Anati six hours basi. Ngati ulendo wa ku Mzuzu pabasi. Akadwala ndikwera, ndikamuone, Sunday ndabwerako."

Apa ndi pamene Tiyese pankamuwawira. Mayi ake mtunda ankauyeza ndi matako: wakhala pampando maola angati. Ndiye anavomera zonse mosavuta, n'kupemphereranso chikwama. Komanso ankati bola mwana akapume, poti Vaileti anali atathawanso zibakera za mwamuna wake Medson, kachitatu aka, chipsera chili pamwamba pa diso.

Tiyese anawaloza foni kumaso.

"Onani apa. Kuchoka pa Lumbadzi kukafika Muscat, almost five thousand kilometres. Six hours yake ndi ya ndege amayi, yomwe ija imadutsa pamwamba pa malata athu mpaka mbale kulira. Si basi yoima pa Jenda kuti mugule chips. Kuwerengera pamsewu, ndi ngati kupita ku Blantyre ka sixteen, osabwerera, pakati pali nyanja yamchere. Ndipo direct kulibe, mpaka kukasintha ndege kwina. Abwana akakamulanda foni, mukakwera chani inu? Kabaza?"

Mayi anapukutira manja pachitenje. Anayang'ana ka mzere kofiira pa map paja, koyambira pansi mpaka kukathera pakona ya screen. Anakakhudza ndi chala ngati kangafupike.

"Ka sixteen?"

"Ka sixteen."

Mayi anakhala pa stool pang'onopang'ono. Panja hutala inalira kawiri. Mumtima Tiyese anati basi zatheka, mayi akaniza.

"Vaileti mwanawe," anatero mayi, mawu atatsika, "zimenezi unkazidziwa?"

Vaileti sanakuwenso. Anabwera phee, n'kuima pamaso pa mng'ono wake, dzanja atatambasula.

"Nditathawira kwa agogo ku Ntcheu, Medson anatenga maola angati kundipeza? Atatu. Ku Zomba kwa amalume? Tsiku limodzi, ankhoswe ali pambuyo, ati banja n'kupirira. Dzulo amuona pa stage ya ku Nsungwi akufunsa za ine."

"Koma sisi, anthu amazunzika kumeneko, ma voice note a atsikana ali ku Oman aja munawamva..."

"Ndinawamva. Bweretsa."

Hutala inaliranso. Tiyese anayang'ana mayi ake, mayi anayang'ana pansi. Tiyese anaisolola passport ija, ili yofunda ndi thukuta, n'kuipereka.

"Ndiye mukudziwa kuti n'kutali chonchi, mukupitabe?"

"Ndinachita search iwe usanachite," anatero Vaileti, akunyamula chikwama. "Kumeneko minibasi siifika."

Anatuluka, chitseko osatseka.