Chitseko cha Kumanzere

"Iwe Justina, uzaitsiriza na maso iyo laisensi," anatero Doris, mlembi wa paofesi, atasuzumira m'chipinda choyezera mkaka. "Kuchokera m'mawa waitulutsa kangati m'chikwama?"

"Nisiye, mwana wa amai. Ninaivutikira," anayankha Justina uku akuseka.

Anaivutikiradi. Miyezi isanu yathunthu, Loweruka lililonse, ankakwera minibasi kupita ku Lusaka kukaphunzira galimoto, ndipo mayeso anakhoza ulendo wachiwiri. Chimene ankavutikiracho ankachiona pawindo tsiku ndi tsiku: vaneti yoyera, yatsopano, dzina la kampani ya mkaka lili pachitseko. Inali itaima pansi pa mtengo wa jakaranda milungu itatu kudikira mwini wake. Mwini wakeyo anayenera kukhala manijala wa alimi, munthu woyendera makola onse ogulitsa mkaka kukampani, kuyambira ku Palabana mpaka kwa Nkomeshya. Udindo umenewu Justina ankaufuna mpaka kumva kuwawa pachifuwa.

Kunena zoona, ntchitoyo ankaigwira kale. Zaka zisanu ndi zinayi anali pakampanipo, ndipo mlimi akabweretsa mkaka wosasa, ndi iyeyo amene ankakwera lole ya zigubu kukaona chavuta kukhola. Ankadziwa ng'ombe za anthu ndi mayina omwe. Kampani itagulidwa ndi azungu a ku Joni mu 1995, bwana watsopano, a Sanford, anamuuza kuti udindowo umafuna pepala la utsogoleri. Justina anaphunzira kudzera papositi, pepala nkubwera. Kenaka anati umafuna laisensi. Nayi tsopano laisensi, chaka cha 1997 chili pakati.

Anakonza kolala ya malaya ake oyera nkukagogoda kuofesi.

A Sanford sanali munthu waukali, ayi. Mwina akanakhala waukali zikanapepuka. Anaimirira, anamugwira chanza, laisensi ija anaiyang'ana mbali zonse ziwiri.

"Wachita bwino kwambiri, mtsikana wanga," anatero m'Chizungu. Mtsikanayo anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. "Ndimanena nthawi zonse kuti pano palibe wina ngati iwe. Khala pansi."

Justina anakhala pamphepete pa mpando.

"Za udindo uja, taganizira mofatsa. Misewu ya kumidzi ndi yoipa, ndiye mkazi yekha kuthengo, tayala litaphulika? Ine sindingakhale ndi mtendere. Komanso alimi ambiri ndi madoda, ukudziwa mwambo wanu, samvera mkazi. Tsono Lolemba kukubwera mnyamata wina, Calvin. Bambo ake ndi mnzanga wakalekale, mwanayo anakulira pafamu. Tinakambirana Lachisanu lija kunyumba kwanga tikuwotcha nyama, onse anagwirizana nazo."

Kowotcha nyamako Justina anali asanaitanidweko, ndipo sankadziwa munthu wakuda aliyense wa pakampanipo amene anapondako, kupatula wonyamula makala.

"Koma laisensi yakoyi yabwera panthawi yake," anapitiriza a Sanford, nkhope ili ngwee. "Calvin njira sazidziwa, chinenero sachimva. Uzimuyendetsa miyezi ingapo mpaka azolowere. Si paja umafuna kuyendetsa vaneti ija? Nawa makiyi."

Abale, makiyi aja anagwera m'dzanja lake ali ozizira, ndipo pakamwa pake panatuluka mawu akuti zikomo. Mpaka lero sadziwa kuti anachokera kuti.

Doris anangomuyang'ana kumaso nkudziwa zonse. Anatseka chitseko cha chipinda choyezera mkaka ndi phazi.

"Akupasa makiyi, mpando apasa wina, si so?"

Justina anagwedeza mutu.

"Nanga unali kuganiza bwanji? Ona ba Robson ku fakitale. Aphunzitsa azungu atatu nchito, onse atatu anakhala mabwana awo, beve akali foromani na imvi zawo. Koma ba Robson naiwo ali bwinoko, amawaitana bambo. Ise mpaka tikafe tili atsikana."

"Si ivo vamene vinibaba," anatero Justina. "Ni atate."

Doris anasiya nthabwala, chifukwa nkhani ya a Fidelis ankaidziwa. A Fidelis, bambo ake a Justina, anayendetsa mzungu wa pafamu zaka makumi awiri ndi ziwiri, ufulu usanabwere ndi utabwera womwe. Kuvala kaki, kuvula chipewa, kuthamanga kuzungulira galimoto kukatsegula chitseko. Tsiku limene anaperekeza Justina kusukulu ya za mkaka ku Palabana, anamuuza pageti kuti, "Iwe mwana wanga suzatsegulirako munthu chitseko." Tsopano anali ndi ng'ombe zinayi kwa Nkomeshya ndipo ankagulitsa mkaka kukampani yomweyo. Vaneti itangofika, Justina sanaugwire mtima, anakawauza kuti posachedwa abwera nayo mpaka pakhomo. Mlungu wotsatira Justina anawapeza atazula chitsa chachikulu cha msuku chimene chinali pakanjira kolowera pakhomo, masiku atatu akukumba ndi nkhwangwa ndi khasu, msana uli wowawa kale.

"Kuti galimoto ikalowe bwino," anatero tsiku limenelo akupukuta thukuta.

Lolemba Calvin anafika. Anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wamtali, wa kabudula, makutu atapsa ndi dzuwa. Chokwiyitsa nchakuti anali wabwino mtima. Munthu ukamafuna kudana naye, iye nkukupatsa switi.

Lachitatu m'mawa ananyamuka. Justina atakhala pampando wa dalaivala, fungo la galimoto yatsopano linamulowa mpaka mumtima. Analiza injini, analowetsa giya, vaneti nkuyenda myaa ngati ikumudziwa. Atasiya phula nkulowa msewu wafumbi, mphepo ya mwezi wa Julaye ikulowa pawindo, minda ya chimanga chouma ikuthawira kumbuyo, anaiwala zonse kwa kanthawi. Anaona amayi awiri osenza nkhuni ataima kumuyang'ana, wina nkuloza ndi chala. Ha, mmene ankaganizira muja zinali chonchi ndithu! Kenaka Calvin anatsokomola nkufunsa kuti famu yoyamba ili kutali bwanji.

Pamakola atatu oyamba zinachitika mofanana. Mlimi ankathamangira kumanzere kwa galimoto, kupatsa moni Calvin ndi manja awiri, kumutulutsira mpando wabwino. Akatha zimenezo ankatembenukira kwa Justina.

"Amai, ija ng'ombe yanga ya mawanga bere yatupa futi. Nichite bwanji?"

Justina ankagwada, kugwira bere, kukama pang'ono m'kapu, kufotokoza. Madoda aja osamvera mkazi ankamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Akuti chiyani? Nanga iwe wawauza chiyani?" ankafunsa Calvin, ndipo yankho lililonse ankalilemba m'kabuku kake mosamala. Kabuku kameneko ndi kamene kankakafika patebulo la a Sanford.

Atachoka pakhola lachitatu, Calvin anayang'ana pepala la mayina.

"Wotsatira ndi Fidelis."

"Kumeneko tikhoza kudzapita tsiku lina. Njira yake ndi yoipa, pali kamlatho kamitengo."

"Ayi, tithane nazo lero. Ukumudziwa?"

"Ndi bambo anga."

"Zoona? Ndiye bwino kwambiri!" anatero Calvin mosangalala. Analibe mlandu mwana wa eni ake, sankadziwa chimene akuponda.

Anawoloka kamlatho, anadutsa tchalitchi cha udzu, nkukhotera pakanjira kaja. Pamene panali chitsa panali dothi lofiira lotsendereka bwino, ndipo vaneti inalowa osakhudza kanthu. A Fidelis anatuluka m'khola atanyamula chitini. Ataona galimoto yoyera, ataona mwana wawo pachiwongolero, chitini chinagwa pansi.

"Mayo ine! Justina! Yabwera!" anakuwa, manja ali m'mwamba. Anavina pang'ono pafumbi pomwepo, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri, mawondo akukana.

Ndiye anaona kumanzere. Anaona mzungu, chigongono chili pawindo, kabuku pamwendo, akudikira kuti galimoto iime. Munthu amene anayendetsa bwana zaka makumi awiri ndi ziwiri safunika kumuuza kuti mwini galimoto ndi uti. Manja aja anatsika pang'onopang'ono. Msana unawongoka wokha. Anapukuta zikhato pabuluku, anavula chipewa, anazungulira kutsogolo kwa vaneti ndi kaliwiro kena kamene Justina anali atakaiwala kuyambira ali mwana, nkutsegula chitseko cha Calvin.

"Moni, bwana," anatero m'Chizungu chawo chakale chija.

"Zikomo, bambo. Ndine Calvin, manijala watsopano wa alimi."

Apa panalibe chomasulira. Justina anatsala m'galimoto atagwira chiwongolero, maso ali pagalasi, kenaka nayenso anatsika.

Anayendera khola monga mwa ntchito. Ng'ombe za a Fidelis zinali zonenepa, zigubu zotsukidwa bwino, ndipo Calvin anayamikira nkulemba. Za chitsa palibe anatchula. Calvin atapita kuseri kwa khola kukaona chitsime, mkuluyo anasendera kwa mwana wake nkutsitsa mawu.

"Mvera, mwana wanga. Pobwerera, ukafika pa kamlatho paja uzichepetsa liwiro, mabwana sakonda kugwedezeka. Ukaimika galimoto, uzisakira mthunzi ku mbali yawo. Na madzi akumwa uzisunga kumbuyo kwa mpando, osayembekeza kuti akuuze."

Sanalankhule mokwiya kapena modandaula. Ankangomupatsa mwana wawo zimene ankadziwa, kuti ntchito imene waipezayo asaitaye. Justina akanapirira kukalipiridwa, akanapirira ngakhale misozi. Koma izi zinamupyoza. Anayang'ana manja a bambo ake, matuza a khasu lija asanapole bwino, ndipo anafuna kulira ngati kamwana.

"Namvera, atate," anatero.

Calvin anabwerera akupukuta m'manja. "Tatha, tiye. Kwatsala makola awiri."

Justina anatulutsa makiyi m'thumba la malaya. Anawagwira kanthawi, chifukwa ankawakonda, asaname. Kenaka anawatambasulira kwa Calvin.

"Laisensi muli nayo?"

"Ndili nayo, koma a Sanford anati iweyo ndiye…"

"Galimotoyi ndi ya manijala. Manijala ndinu. Njira ndikuuzani, ndi zimene alimi akunena ndikuuzani. Koma kuyendetsa muyendetse nokha."

Calvin anafiira makutu kuposa kale. Anayang'ana Justina, anayang'ana mkulu uja ali chiimire chipewa kumanja, ndipo zinaoneka ngati kanthu kena kamufika.

"A Sanford sakakondwa nazo," anatero motsitsa.

"Ndikudziwa."

Ankadziwadi. Sakamukalipira, iwo sakalipa. Akangomwetulira nkunena kuti Justina wayamba kuvuta, ndipo mawu amenewo akakhala m'faelo yake mpaka kalekale. Akalemba dalaivala wina, iye nkubwerera kuchipinda choyezera mkaka, kumaionera pawindo vaneti ikutuluka m'mawa uliwonse. Udindo wina ukadzapezeka, dzina lake silidzatchulidwa kowotcha nyama kuja.

Calvin analandira makiyi nkupita kumanja kwa galimoto. A Fidelis anayamba kumutsatira mwachizolowezi, mapazi awiri atatu, kenaka anaima. Chizungu cha mwana wawo anachimva chonse. Anatembenuka, anabwerera kumanzere, anagwira chitseko chija nkuchitsegula mpaka kumapeto. Anaima pambali pake mowongoka, chipewa pachifuwa.

"Kwerani, amai," anatero.

Chibadwire bambo ake anali asanamutchulepo choncho. Justina anafuna kukana, kunena kuti atate musatero, koma ataona nkhope yawo anangokwera. Mkuluyo anadikira kuti akoke siketi yake, ndipo anatseka chitseko bwinobwino, mosamenyetsa, monga amatsekera munthu wodziwa ntchito yake.

Calvin analiza injini, galimoto inadumpha nkuzima. Analizanso. Anatuluka pakanjira kaja mokhotakhota, ndipo pagalasi la pambali Justina anaona bambo ake ataima pa dothi lofiira paja panali chitsa, dzanja lili m'mwamba, akucheperachepera mpaka fumbi linawaphimba.

Pakamlatho Calvin sanachepetse liwiro. Vaneti inagunda mitengo, kabuku kanagwa pansi, mutu wake nkugunda denga.

"Pepa," anatero. "Tilowere kuti tsopano?"

"Kumanja, pa mtengo wa mango uwo," anayankha Justina.

Manja anali atawapinda pamwendo, pamwamba pa chikwama mmene munali laisensi. Koma pofika pokhota paja, phazi lake lamanzere linaponda lokha pansi, kufunafuna kalachi pamene panalibe.