Mchere wa m'machubu

Mwawi anasiya kubzikula Lolemba, pomwe Loweruka la sabata lomwelo ndi limene ankayenera kukalowa m'khola la a Shaba. Mwawi anali msoti wofiira wa Stafford Zgambo, ng'ombe yokhayo imene malemu bambo ake anamusiyira. A Shaba, bambo ake a Loyce, mtsikana amene Stafford ankafuna kukwatira, sanapite m'mbali pa nkhani ya malowolo. Anati zinazo zidzabwera pang'onopang'ono, koma yofiirayo ifike Loweruka ndi miyendo yake. Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti dalaivala wina wa lole ya matabwa ku Chikangawa wakhala akuimitsa galimoto pafupi ndi chitsime chimene Loyce ankatungako madzi.

Chinali chaka cha 1987, mvula ili pakati. Stafford ankagwira ntchito ku nazale ya mitengo ya paini ku Luwawa. Pobzala mbande ankazivula machubu akuda apulasitiki. Anzake ankawataya, koma iye anali munthu wosataya kanthu, ngakhale msomali wopindika. Chinthu chosawola, chosalowa madzi, n'kuchisiya patchire? Anawatutira kwawo thumba lathunthu.

Nzeru inamubwerera chifukwa cha mvulayo. Ankafuna Mwawi anenepe mpaka a Shaba asowe chonena, koma mchere umene ankamuikira pamwala unkasungunuka. Ndiye anayamba kuuthira m'chubu, kumanga uku ndi uku ndi luzi, kuboola ndi minga, n'kupachika pamtengo wa khola kuti azinyambita. Popita kuntchito ankasiya chubu chodzaza, pobwera ankapeza luzi lokha. Ankati ndi mphepo yauluza. Miyezi itatu mphepo ikuuluza machubu, iye akudzitama kuti ali ndi mutu.

Tsopano nthiti za Mwawi zinkawerengeka, pomwe mimba inali tuu! Msipu wabwino ankangoununkhiza n'kutembenuka. Stafford anamukonzera phala la gaga, anamusisita pakhosi, anamunyengerera ngati mwana. Ndipo pofuna kuti chilakolako cha chakudya chibwerere, anamupachikira mchere wina.

Lachinayi anakaitana alangizi a ziweto, bambo Bestone Kamwendo, ochokera ku Ntchisi. Anabwera pa njinga yamoto, n'kukanikiza nkhonya pamimba pa Mwawi kumanzere.

"Mukuuma ngati mphero umu, bambo Zgambo. Kodi pano pamapezeka mapepala apulasitiki?"

"Yayi, bwana," anatero Stafford. Pakamwa panayankha pokha, koma dzanja linagwira mtengo wa khola, pomwe panali polendewera luzi.

"Ndafunsa chifukwa ng'ombe ikameza pulasitiki sagayika. Amangopotana m'mimbamo mpaka njira itatsekeka. Ngati ndi zimenezo, mankhwala ake ine ndilibe. Musaiyendetse mtunda wautali."

Lachisanu lonse Stafford anangozungulira khola. Ankati akaone amalume ake, a Mateyu, amene anali mkhalapakati wa ukwatiwo, akawauze zoona, koma manyazi anamumanga miyendo. Mwina alangizi alakwitsa. Mwina ndi njoka zam'mimba chabe.

Loweruka m'mawa ananyamuka, a Mateyu patsogolo ndi ndodo, Stafford pambuyo. Mwawi ankayenda pang'ono n'kuima. Akaima, Stafford ankatulutsa chubu cha mchere m'thumba la jekete amalume asakuona, n'kumununkhizitsa, ndipo ng'ombeyo inkatsatira. Anafika nayo choncho mpaka padambo, madenga a kwa a Shaba akuoneka kutsidya. Pamenepo Mwawi anagwada, anagona cham'mbali, osadzukanso.

Anthu a kwa a Shaba anatsika. Azimayi amene anakonzekera kululutira anaima patali, Loyce ali pakati pawo ndi mtsuko wa thobwa la alendo pamutu. Amuna anagwirizana kuti aizinge isanafe yokha, nyama ingawonongeke.

Atang'amba chifu munatuluka chimpira chakuda, chachikulu kuposa dzungu, cholukanalukana, chonunkha. Mpeni unkangoterereka. Aliyense anabwerera m'mbuyo.

"Ivi vyachita kutumika!" anakuwa a Mateyu m'Chitumbuka, kunena za ufiti. "Ng'ombe ingameze zimenezi yokha? Alipo amene sakufuna ukwati uwu."

Anthu anavomereza, ena akuyang'ana kumsewu wa malole. Kwa kanthawi Stafford anapuma. Bodza linali litadzikonza lokha, iye osatsegula pakamwa.

Koma a Shaba anapukusa mutu. "Ngati nyumba yanu ili na adani otere, mbwenu mwana wanga sangalowemo. Lero ng'ombe, mawa mimba yake. Yayi, a Mateyu. Yewo chomene, bwererani."

Stafford anamva dzanja lake likulowa m'thumba. Anagwada pamaso pa a Shaba n'kuika chubu chija pansi, pafupi ndi chimpiracho. Kukula kwake n'kumodzi ndi machubu a m'chimpiramo, mabowo a minga n'ngamodzi.

"Palibe mdani, adada. Ndine. Ndimafuna inenepe, muikonde."

Anafotokoza zonse, ndi za alangizi zomwe. A Shaba anatola chubucho, anachitembenuza, mchere ukuthothoka m'timabowo. Sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunamupweteka Stafford.

"Munauzidwa pa Chinayi," anatero motsitsa, "ndipo lero m'mawa mumaikokabe na chimenechi?"

Anachiponya pa udzu, n'kukodola azimayi aja kuti abwerere kumudzi. Loyce anakhalitsa pang'ono kuposa anzake, kenaka anatembenuka, mtsuko uli chodzazire.

Kamwana ka ng'ombe ka a Shaba, kamene kankadya padambopo, kanamva fungo la mchere. Kanabwera n'kutambasula lilime. Stafford analumpha, anakalanda chubucho kukamwa, n'kutsala chigwadire m'matope atachifumbata ndi manja onse awiri. Kutsidya, mtsuko unali ukulowa kuseri kwa nkhokwe.