Zaka Zitatu za Lamont

Kochi Hollenbeck anali ndi ngongole ya zaka zitatu kwa Mayi Odessa Pettiford, ndipo mayiwo ankadandaulira aliyense, ngakhale wobweretsa makalata. Kochiyo anakhala patebulo pawo, kudya nkhuku yawo mpaka kuswa mafupa, n'kulumbira kuti mwana wawo Lamont akapita kukasewera basiketibolo kukoleji yake adzakhala naye zaka zonse zinayi, mpaka tsiku lija otsiriza sukulu amalowa m'bwalo atakolowekana mikono ndi amayi awo. Koma kochiyo anangokhala chaka chimodzi. Timu itangochita bwino, koleji yaikulu ya ku Tennessee inamukopa, Lamont n'kumvera pa wailesi. Kochi watsopano anabwera ndi osewera ake, malo a Lamont anatha, sukulu yaulere n'kuthera pomwepo. Lero chimunthu chachitali chija chimangokhalira chagada pansi pa magalimoto a eni kugalaja. Mpira sauonera n'komwe.

Hollenbeck yekha anakwera: Tennessee, Ohio, masuti, makamera. Kenako analuza zaka ziwiri zotsatizana, anamuchotsa, n'kuyamba kutsika makwerero omwewo mpaka kukakoleji kena ka kumapiri. Loweruka lina masana anatulukira pakhonde pa Mayi Odessa, imvi zili mbuu. Ankafuna Cedric, mng'ono wake wa Lamont.

"Mwanenepatu, a Kochi," anatero mayiwo. "Kuchotsedwa ntchito kumakuyanjani."

"Inu simunasinthe, Mayi Pettiford."

"Ndisinthe ndadya chiyani? Nenani msanga, nyemba zili pamoto."

Anayala mapepala patebulo: sukulu yaulere, chipinda, chakudya. Mayiwo sanawayang'ane. Kuwerenga kunkawapweteketsa mutu, komanso mapepala a Lamont aja anali osalala chomwechi. Chimene ankadziwa n'chakuti makoleji ena onse anati Cedric ndi wamfupi. Akakana uyu, mwanayo apita kufakitale ya nkhuku kumene iwo anathera zala.

"Zaka zinayi," anatero. "Mulembe ndi dzanja lanu kuseli kwa pepalalo kuti simuchoka mpaka Cedric atavala gauni. Zitatu n'za Lamont, chachinayi ndi basela."

Hollenbeck anatola cholembera n'kungochigwira.

"Andipatsa chaka chimodzi chokha, mayi. Tikaluza andichotsa. Tikawina…"

"Foni ya koleji yaikulu ilira," anamalizitsa mayiwo.

"Ilira."

"Ndiye muyankha."

"Ndadutsa makoleji asanu ndi awiri. Mkazi wanga anatopa ndi kumanga katundu, anatsala pa yachisanu. Ntchito ina sindiidziwa. Ndiyankha."

Mayi Odessa sanatsitsepo mtengo wa kanthu chibadwire, koma apa anadzimva okha akutsika.

"Zitatu ndiye. Basela ndachotsa."

Kochi anapukusa mutu.

"Ziwiri. Bambo inu, ziwiri zokha. Mwana azolowere, aphunzitsi amudziwe dzina."

"Ndinakunamizani kamodzi, mayi."

"Ndiye lero mwasankha kukhala m'busa? Pa mwana wanga wotsiriza?"

Anatembenukira kuchitofu n'kuvundula nyemba zimene sizinkafuna kuvundula. Kochiyo akanangowanamiza, iwo akanasaina, n'kumagona ndi bodzalo chaka chathunthu ngati mmene anachitira poyamba. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni asanacheuke.

"Chabwino. Zaka zisiyeni. Pitani kugalaja mukamuone Lamont. Mukamuuze pamaso kuti vuto silinali iyeyo, poti mpaka pano amati mwina ankasewera moipa. Mukatero ndisaina, ngakhale mudzathawe pa Khirisimasi."

Hollenbeck anaika cholembera chija patebulo.

"Ndadutsako m'mawa. Ndinaimika galimoto tsidya la msewu, ndinamuona miyendo yokha. Ndinakhala ola lathunthu."

"Bwererani mukatsike."

"Sindingathe."

"Mumakalipira anyamata khumi ndi awiri pamaso pa chikhamu cha anthu."

"Sindingathe, mayi. Osati iyeyo."

Mayi Odessa anasonkhanitsa mapepala aja, kuwalinganiza bwinobwino m'mbali, n'kumuikira m'manja.

"Cedric akayamba kunkhuku Lolemba," anatero. "Mukokere geti potuluka, limavuta."