Kumapeto kwa Mzere

"Iwe Elinata, ndiwe ujambule," anatero a Simeoni, akumupatsira kamera ya malemu akulu awo, a Stefano.

Abale anali atandanda kale pakhonde la a Stefano ku Zemba, mitu yometa. Chithunzicho chinali choti chipite kwa achibale a ku Tete amene sanafike pamaliro, kuti aone ana otsala. Elinata anamva chimene sichinanenedwe. Iye anafika pakhomopo ali kumsana kwa amayi ake, a Felicia, pamene ankadzakwatiwa ndi a Stefano, atabadwa kwa mwamuna wina. Dzulo lake a Simeoni anali atanena kuti munda wa mtedza ugawidwa kwa ana a magazi okha. Wojambula saoneka pachithunzi, ndipo amene sakuoneka a ku Tete sangamufunse.

Kamerayo inali ya masiku ano, koma galasi lake linali lakale, lachitsulo, limene a Stefano anabwera nalo pothawa nkhondo ku Mozambiki. Analilumikiza ndi kamphete kogula ku Chipata. Silinkadzipezera lokha munthu. Unkalipotokola ndi zala mpaka nkhope zioneke bwino. Linkaona motambalala, khonde ndi nkhokwe ndi khola pamodzi, koma oima m'mbali linkawakoka nkhope.

A Simeoni anadandaula kuti wayandikira kwambiri, ena atsala kunja. Elinata anayankha kuti galasili limafuna pafupi. Anapotokola pang'onopang'ono, chitsulo chikulimba ndi fumbi. Kenaka anakhazika kamera pa mulu wa njerwa, anadina poti iyambe yadikira isanajambule, n'kupita kukaima kumapeto kwa mzere. Palibe anamusunthira.

Onse atazungulira kamera kuti aone chithunzicho, Elinata analipo, tsaya litakokeka ngati wodwala dzino. Akazi a a Simeoni anaseka kamodzi n'kudzigwira pakamwa. A Simeoni anati palibe vuto, pafoni m'mbalimo amadulamo.

"Alamu, tijambulenso," anatero a Felicia, amene chiikireni maliro anali asanalankhule.

"Chalakwika n'chiyani, mlamu?"

"Akulu anu munawaonapo ndi nkhope yowongoka pa chithunzi cha pakhomo pano? Mwanayu ankamuika pakati. Kumapetoko ankaimako okha."

Ena anazolika. A Simeoni anayang'ana chakumunda, nanena motsitsa kuti chithunzi si munda, zimene anagwirizana dzulo zikhala momwemo. Koma pamzere sanachokepo.

Elinata anakapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, anadinanso, n'kubwerera. A Felicia anadzuka pakati pamene anawakhazika monga namfedwa, anamugwira mwana wawo m'mapewa, namukhazika pamalopo. Iwo anayenda mokoka miyendo kudutsa alamu ndi azilamu onse mpaka kumapeto, anawongola duku, n'kuyang'ana galasi.